Kochirira: kuboma, kumishoni kapena kupulaiveti?

Anzanga a kumpingo ndi a kuntchito akangoona kuti pathupi payamba kuoneka amabwera ndi funso limodzimodzi: ndiyambe sikelo kuti, ndikachirire kuti? Ndiyankhe pano kamodzi. Koma ndineneretu kuti ndili ndi mbali. Ana anga ndinachirira kumishoni, ndipo chipatala china cha pulaiveti ndili nacho chifukwa mpaka lero.

Pa za sikelo sindichedwapo. Konse kutatu amapima kuthamanga kwa magazi, amayeza HIV, amapereka mapiritsi owonjezera magazi, Fansidar woteteza ku malungo ndi katemera wa kafumbata. Malangizo a mu 2016 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mayi aonane ndi azaumoyo ka 8 asanachire, ndipo ayambe m'miyezi itatu yoyambirira. Chosiyana ndi mzere. Kuboma umalawira m'bandakucha n'kukhala pabenchi ndi buku lako la kuchipatala mpaka dzuwa kufika paliwombo. Kupulaiveti umalowa, dokotala n'kukuonetsa mwana pa sikani, n'kubwerera kuntchito. Pamenepo pokha apulaiveti ndimawavulira chipewa.

Nkhani yagona pa tsiku lochira. Mng'ono wanga anauzidwa mtengo wa "kuchira" pa chipatala china chaching'ono cha pulaiveti mu tauni muno. Mtengowo unali wofikirika, ndipo iye ndi mwamuna wake anasonkha ndalamazo n'kulipiriratu. Palibe anawauza kuti mtengowo ndi wa mayi amene wachira bwinobwino popanda chovuta. Matenda anayamba madzulo. Pofika pakati pa usiku mwana sanatsike, mtima wa mwanayo unayamba kugunda mofooka, ndipo anamwino anati pakufunika opaleshoni. Chipinda cha opaleshoni chinalipo, koma wogonetsa tulo amachita kuitanitsa kwina ndipo foni yake sinkapezeka. Mapeto ake anamukweza ambulansi kupita ku chipatala chachikulu cha boma, komwe anamung'amba usiku womwewo osalipira ngakhale tambala.

Mayi ndi mwana ali bwino, tikuthokoza Mulungu. Koma mlamu wanga atapita kukafunsa za ndalama zija, anamupatsa pepala lina m'malo mwake. Bedi, madiripi, magolovesi, kanula, ambulansi, ngakhale ndalama ya dokotala amene anangosuzumira n'kusaina kalata yotumiza wodwala kwina. Zimene analipiriratu zija anati zathera momwemo, iye awonjezere. Chimandiwawa si ndalama zokha ayi. Ndi maola amene mtsikana uja anagona pabedi lokongolalo akubuula, pamalo pamene sakanatha kumupulumutsa.

Ndiye amene mtima wanu uli kupulaiveti, zipatala zabwino ziliko, koma funsani mafunso awa mimba isanakwane miyezi 7, ndipo mayankho ake akulembereni papepala. Opaleshoni ndi ndalama zingati? Wogonetsa tulo amagona pompo kapena amachita kuitanitsa? Magazi akafunika amawatenga kuti? Mwana akabadwa wosakwana masiku, nasale ilipo, ndipo tsiku limodzi ndi zingati? A inshuwalansi nanunso funsani ngati uchembere uli m'gulu la zimene amalipira, ndi malire ake.

Kuboma thandizo ndi laulere, ndipo zinthu zikavuta onse amathamangira komweko: ku Chatinkha ku Queen Elizabeth mu Blantyre, ku Bwaila kapena ku Ethel Mutharika ku Kamuzu Central mu Lilongwe, ku Zomba Central, ku Mzuzu Central. Vuto ndi kuchuluka kwa anthu. Mzamba mmodzi amatha kuyang'anira amayi angapo nthawi imodzi, ndiye mawu okoma musawayembekezere kwambiri, ndipo nthawi zina mankhwala amakuuzani kuti mukagule kufamase. Chikwama chikhale chokonzeka mwezi wa 8: zitenje zokwanira, beseni, pepala lakuda lapulasitiki, thonje, tochi, zovala ndi chipewa cha mwana. Amene mumakhala kutali, pitani kuchidikiro masiku asanakwane. Azamba a kumudzi boma linawaletsa kuchiritsa amayi mu 2007, ndiye zodikira kunyumba zisiyeni.

Kumishoni ndiye kwathu. Zipatala zambiri za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, zili ndi mgwirizano ndi Unduna wa Zaumoyo woti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene a m'dera lawo azithandizidwa kwaulere, boma n'kumalipira. Si zonse, ndipo mgwirizanowo umatha kuima, choncho funsani ku ofesi yolipirira musanayambe sikelo. Ngakhale polipira, mitengo yake sikufika ya m'tauni. Kumene ndinachirira ine mzamba ankabwera pafupipafupi kudzamvetsera mtima wa mwana, ndipo mayi anga, amene ankandidikirira, anali ndi pophikira phala. Kumbukirani kuti si chipatala chilichonse cha mishoni chimene chimachita opaleshoni. Tina ndi tizipatala tating'ono totumiza odwala kwina.

Mukandifunsa ine: sikelo chitani kumene kuli pafupi, sikani kajambulitseni kupulaiveti ngati thumba likulola, koma kochirira sankhani chipatala cha mishoni chokhala ndi opaleshoni usana ndi usiku. Chikapanda kupezeka pafupi, pitani kuboma. Amene munachirapo ndi opaleshoni, amene muli ndi mapasa kapena BP yokwera, musayese n'komwe tizipatala tating'ono tija.