Wailesi ya shortwave yotsika mtengo: ya kasingano, ya manambala, kapena ya SSB?

Pogula wailesi ya shortwave, yokoka masiteshoni akutali a m'mayiko ena, musatengeke ndi kuchuluka kwa mabandi (magawo a mafunde) olembedwa pabokosi. Masiteshoni a shortwave amathinana motalikirana 5 kHz basi, choncho wailesi yabwino ndi imene imatha kutola siteshoni imodzi pakati pa khamu, n'kukuuzani pomwe yaima.

Ya kasingano, monga Tecsun R-9012, ndiyo yotchipitsitsa. Imadya mabatire awiri a AA ndipo amakhalitsa, komanso mukamazunguza kagudumu mawu samadukaduka. Vuto lake ndi loti kasingano kamangoyerekeza. Siteshoni imene ndandanda ya masiteshoni ndi nthawi zawo ikuti ili pa 9410 kHz mudzaisaka mopapasa, ndipo ikapezeka imatha kusuntha yokha pang'onopang'ono mabatire akamafooka. Pali vuto lina lobisika: mawailesi ambiri a mtundu uwu amatembenuza mafunde kamodzi kokha kupita pa 455 kHz, ndiye siteshoni yamphamvu imatulukiranso kachiwiri motalikira 910 kHz, pamalo pomwe siili, n'kuphimba ina yofooka ndi kaphokoso koimba mluzu. Kwa wofuna kumvera masiteshoni awiri kapena atatu amphamvu, yakwana. Kupitirira apo ayi.

Gulu la manambala ndi lomwe ndalama zanu zimagwira ntchito kwambiri. Mawailesi ngati Tecsun PL-310ET ndi PL-380 ali ndi kachipi ka DSP (kokonza mafunde mwa njira ya kompyuta) ka kampani ya Silicon Labs, ndipo mumangobaya 9410 n'kufika pomwepo. Chofunika koposa n'chakuti mumasankha kukula kwa sefa: 6 kHz siteshoni ikakhala yokha kuti nyimbo zimveke bwino, 3 kapena 2 kHz ina yoyandikana ikamalowerera. Onse awiri amadya mabatire atatu a AA ndipo ali ndi ETM, yomwe imasesa mabandi onse n'kusunga masiteshoni omwe akumveka nthawi imeneyo osafufuta omwe munasunga nokha. Kusiyana kwawo n'kochepa koma kolemera: PL-310ET ili ndi bowo lolumikizira eriyo yakunja, PL-380 ilibe. Pa chifukwa chimenechi PL-310ET ikuposa. Zilema za DSP yotchipa muzidziwiretu. Pozunguza kagudumu mawu amaduka pa sitepe iliyonse, ndipo siteshoni ikafooka wailesi imadzitsitsa yokha voliyumu, zomwe zimakwiyitsa amene akuvutikira kumva mawu akutali.

SSB, njira yapadera yotumizira mawu pa mbali imodzi yokha ya funde, ndi nkhani ina. Masiteshoni oulutsira anthu wamba nthawi zambiri sagwiritsa ntchito SSB. Oigwiritsa ntchito ndi akatswiri olankhulana pawailesi ngati masewera, ndege zodutsa pamwamba pa nyanja zikuluzikulu, ndi sitima zapamadzi. Pa wailesi yopanda SSB mawu awo amangomveka ngati kulira kwa bakha. Ngati zimenezi simukuzifuna, musalipirire. Ngati mukuzifuna, mpikisano uli pakati pa Tecsun PL-330 ndi XHDATA D-808. PL-330 ndi yaing'ono, ndipo batire yake ndi BL-5C, ija ya mafoni akale a Nokia, yosavuta kupeza koma yosachedwa kutha. D-808 imadya batire ya 18650 yosunga moto wochuluka, komanso imakoka bandi ya ndege ya pakati pa 118 ndi 137 MHz. Pogula 18650 yapadera yezani kutalika kwake, chifukwa zina zokhala ndi kabodi koteteza zimakana kulowa. Amene thumba lalola angaganizire PL-660 ya mabatire anayi a AA: imatembenuza mafunde kawiri, motero masiteshoni obwereza aja amachepa, ndipo kagudumu kake sikadula mawu.

Ma Sony akale ogwiritsidwa kale ntchito amakopa, koma ena monga ICF-SW1 amadziwika ndi makapasita (tizipangizo tosunga magetsi) otayikira mkati, mawu n'kuyamba kusokosera. Osagula musanaimve ikulira.

Wailesi iliyonse mwa izi ingaoneke yakufa mukaiyesa molakwika. Masana mafunde apansi amamezedwa mumlengalenga, choncho sakani pa mabandi a 25, 19 ndi 16 mita, kuyambira 11600 mpaka 17900 kHz. Usiku tsikirani pa 31, 41 ndi 49 mita. Nthawi za m'ndandanda ndi za UTC (nthawi yofanana padziko lonse lapansi, osati ya kwanuko), ndipo ndandandazo zimasintha kumapeto kwa Marichi ndi kwa Okutobala. Phokoso lokhetekhetsa lodzaza mabandi onse nthawi zambiri silichokera mu wailesi, limachokera m'machaja a foni, mababu a LED ndi ma inveta a sola. Chotsani chaja, gwiritsani mabatire okha, tulukani panja, mufananize. Waya wa mamita 5 mpaka 7 wopanidwa ku eriyo n'kuponyedwa kunja kwa zenera amasintha zinthu kuposa kugula wailesi yokwera mtengo. Koma musautalikitse kufika mamita 20 kapena 30, chifukwa timawailesi ting'onoting'ono timakhuta mafunde, masiteshoni amphamvu n'kumamveka paliponse mosakanikirana. Wayayo akhale kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo mphezi zikayamba muzuleni.