Msonkhano wachidule wothetsa mikangano ya discovery ku America: wothandiza, koma osati pa zonse

M'makhoti a federal (a boma lalikulu la dziko lonse) ku America, mlandu wa pakati pa anthu kapena makampani usanazengedwe, mbali ziwirizo zimapatsana zikalata, maimelo ndi mayankho a mafunso olembedwa. Gawoli amalitcha discovery, ndipo apa ndi pomwe maloya amakokanakokana kwambiri. Kuyambira pa 1 December 2015, Rule 16, limodzi mwa malamulo oyendetsera milandu yotere m'makhotiwa, imalola woweruza kulamula kuti pasakhale wolemba pempho lokakamiza mnzake kupereka zikalata kapena mayankho asanapemphe kaye msonkhano ndi khoti. Msonkhano umenewu ndiwo ndikuuyeza pano, ndipo ndinene msanga kuti ndimauyamikira.

Wofunsidwa amakhala ndi masiku 30 oti ayankhe mafunso kapena pempho la zikalata. Akayankha mozembazemba, maloya amayenera kukambirana okha poyamba, chifukwa Rule 37 imafuna chitsimikizo choti anayesadi kumvana. Oweruza ambiri sawerengera imelo imodzi yaukali yotumizidwa Lachisanu madzulo. Amafuna kuti mulankhulane pafoni kapena pamaso. Zikakanika, mumalembera khoti kalata ya masamba ochepa yopempha msonkhanowo. Ku khoti la federal la Southern District of New York zimenezi zili mu Local Civil Rule 37.2. Kawirikawiri amene amamva nkhaniyo ndi majisitireti wa federal, woweruza wothandizira woweruza wamkulu wa mlanduwo, nthawi zambiri pafoni.

Ubwino wake ndi changu. Pempho lathunthu limafuna kuti wina alembe, mnzake atsutse, woyambayo ayankhenso, masabata n'kumapita, ndalama za maloya n'kumakwera. Pafoni woweruza amangofunsa mwachindunji: "Pempho nambala 14 likufuna maimelo a anthu angati, a zaka ziti?" Loya amene anapempha a antchito 20 amapezeka wavomera a anthu 6, a zaka ziwiri zokha. Winayo, amene anangolemba kuti pempholo n'lolemetsa, amafunsidwa kuti n'lolemetsa ndi maola angati, komanso ngati pali zomwe wabisa, pakuti Rule 34 imamukakamiza kuulula zimenezo. Zifukwa zopanda mutu sizikhalitsa pamaso pa mafunso otere.

Pomwe njirayi imafooka ndi pa zinsinsi za loya ndi kasitomala wake. Mndandanda wa zikalata 400 zosungidwa monga zinsinsi sungathe pa kalata yaifupi ndi foni ya theka la ola. Pamenepo pemphani kuti woweruza aziwerenge yekha m'chipinda chake, kapena kuti pasankhidwe katswiri wapadera pansi pa Rule 53, podziwa kuti katswiriyo amalipidwa ndi eni mlandu.

Vuto lina, lomwe limandipweteka chifukwa n'lopeweka, ndi chigamulo chapakamwa. Muli ndi masiku 14 okha otsutsira chigamulo cha majisitireti kwa woweruza wamkulu wa mlanduwo, ndipo iyeyo amachisintha pokhapokha chikhale cholakwika moonekeratu kapena chosemphana ndi lamulo. Ngati zokambiranazo sizinajambulidwe, mumuonetsa chiyani? Foni isanadulidwe, pemphani kuti chigamulo chilembedwe, chitchule manambala a mapempho ndi tsiku lomaliza loperekera zikalata. Mnzanu akadzanyozera, chikalata chimenecho ndicho mudzagwire popempha kuti alangidwe pansi pa Rule 37.