Sauna ya utsi ku Löyly, kenako m'nyanja ya Baltic

Mnzanga wa kuntchito, mayi wa konkuno ku Finland, anandinyengerera miyezi itatu kuti tipite ku Löyly, malo a sauna, zipinda zotentha kwambiri zomwe anthu amakhalamo kuti atuluke thukuta. Ndinavomera mu February, madzi a m'mphepete mwa nyanja ataundana. Malowa ali ku Hernesaari, kum'mwera kwa mzinda wa Helsinki, ndipo anatsegulidwa mu 2016.

Tinasungitsiratu malo pa intaneti, ndipo amakupatsani maola awiri. Thawulo ndi kansalu kokhalira mumazipeza komweko, koma chovala chosambira mutenge chanu, poti amuna ndi akazi amalowa sauna imodzi. Kosinthira zovala kokha ndi kosiyana.

Ku Löyly amasonkha nkhuni potenthetsa sauna. Sauna yomwe inandigwira mtima ndi ya utsi, yomwe eni ake amati savusauna. Ilibe chumuni. Amakoleza moto pansi pa mulu wa miyala kwa maola ambiri, utsi n'kudzaza chipinda chonse. Moto ukazima amatulutsa utsiwo, ndiye anthu n'kumalowa. M'katimo muli mdima, makoma ali bii ndi mwaye, ndipo fungo lake ndi lomwe lija la khitchini ya agogo anga ku Dedza. Nditangolimva, misozi inalengeza m'maso.

Bambo wina wachikulire anafunsa kaye ngati tonse tikulola, kenako anatunga madzi ndi chipande n'kuthira pamiyala. Inangoti tswee! Nthunzi inakwera kudenga, n'kutsika pang'onopang'ono pamapewa ndi m'makutu. Nthunzi imeneyi ndi imene amaitcha löyly. Siwotcha pakhosi ngati ya sauna yamagetsi ya ku jimu. Ndi yofewa, imalowa mpaka m'mafupa. Amene munafukizidwapo ndi masamba a bulugamu mutafunda bulangete, mukudziwa pang'ono zomwe ndikunena.

Ndiye kunyanja. Mumatuluka thupi likufuka nthunzi, n'kutsika masitepe olowera m'madzi pomwe aswa ayezi. Madzi atandifika m'chiuno, mpweya unabanika. Mnzanga anandiuza kuti nditulutse mpweya pang'onopang'ono, ndigwiritse chitsulo, mutu ndisauviike. Ndinawerenga mpaka 10 n'kutuluka. Khungu lonse linayamba kunyerenyetsa, m'mutu munangoti mbee, ndipo kutopa kwa sabata yonse kunachoka. Ndinabwereza kawiri. Madzi ake alibe mchere wambiri, sayabwa m'maso.

Odwala mtima kapena a BP, chonde yambani mwafunsa adokotala, chifukwa kuzizira kotere kumathamangitsa mtima. Musalowe nokha m'madzimo, ndipo imwani madzi ambiri pakati pake.

Titatha tinakhala m'lesitilanti yawo pafupi ndi moto, tikumwa supu ya nsomba ya salmon ndi buledi wakuda. Mtengo wake si wopita sabata iliyonse kwa ine, komabe ndasungitsa kale malo a mwezi wamawa, ndipo ulendo uno ndikutenga mchemwali wanga.