Makina a espresso a mitu iwiri, patatha miyezi 14

Tsiku limene makinawa anafika, anyamata anayi ndi amene anawatsitsa pa lole. Ine ndinali nditamanga kale epuloni yatsopano, ndikuganiza kuti madzulo omwewo tilawa cappuccino yoyamba. Tinadzailawa patatha masabata atatu. Panopa yadutsa miyezi 14, ndipo anthu angapo ofuna kutsegula malo a khofi muno mu Blantyre akhala akundifunsa ngati angagule ofanana ndi angawa. Pa kauntala ndimayankha modula chifukwa kumbuyo kwawo kumakhala anthu akudikira, ndiye apa ndiyankhe mofatsa.

Malo anga ndi aang'ono, matebulo asanu ndi limodzi basi, cha ku Ginnery Corner. Makinawo ndi a ku Italy, ogwirapo kale ntchito, ndipo ndinawagula kwa wamalonda wina wa ku Johannesburg. Anabwera pamsewu, kudutsa ku Tete n'kulowera pa Mwanza. Ali ndi mitu iwiri, kutanthauza malo awiri otulukira khofi, boyila imodzi ya malita 11, timapaipi tiwiri ta nthunzi, ndi elementi ya mawati 3,500. Mitu yake ndi ya mtundu wa E61, umene kampani ya Faema inatulutsa mu 1961 ndipo makampani ambiri akuutsatirabe mpaka lero. Dzina la opanga ndalisiya dala, chifukwa zambiri zimene zandivuta si mlandu wawo. Maloto anga anali La Marzocco ya ku Florence ija, koma nditaona mtengo wake ndinangotseka foni n'kukamwa madzi.

Amene anandikankha kuti nditenge a mitu iwiri ndi alamu anga. Ndinkafuna ang'ono a mutu umodzi, iwo n'kuseka: "Mlamu, mutu umodzi susenza denga." Tonse tinaseka, ndipo ndinamvera.

Chimene chinatidya masabata atatu aja ndi magetsi. Soketi ya pakhoma ya mano atatu imene tili nayo m'nyumba zathu imanyamula ma amp 13. Pa mavoti 230, ndiye kuti malire ake ndi mawati pafupifupi 3,000. Makina anga, elementi yokha ikupitirira pamenepo, osawerengera pampu. Bambo wa zamagetsi atafika anangowerenga kachitsulo kolembedwa pansi pa makina n'kupukusa mutu. "Amayi, iyi si ketulo. Awa akufuna waya wawowawo kuchokera ku bokosi, ndi breaker yawoyawo ya ma amp 20, monga timachitira ndi chitofu cha magetsi." Kuti tiboole khoma panafunika chilolezo cha eni nyumba, ndipo eni nyumbawo anali kumudzi kumaliro. Wogulitsa uja ankatumiza zithunzi za makina akunyezimira mbali zonse, koma cha kachitsulo kameneko sanatumize, nanenso sindinafunse. Safunsa anadya phula.

Atayamba kugwira ntchito, ndinene zoona, ndinaiwala mkwiyo wonse. Ndimayesa magalamu 18 a khofi wopera pa sikelo, kumutsendera bwino mu kabasiketi ka pa chogwirira, kumangirira chogwiriracho ku mutu, n'kuyatsa. Pampu imakankha madzi pa mphamvu ya ma bar 9. Kwa masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi sipatuluka kanthu, kenako timadontho takuda, kenako kamzere kolemera ngati uchi, kofiirira, kamene kamayera pang'onopang'ono. Pa masekondi 25 mpaka 30 mu kapu mumakhala magalamu 36, pamwamba pali kathovu kofiirira kaja. Miyezi 14, ndipo mbali imeneyi sinandikhumudwitsepo. Mitu ya E61 ndi yamkuwa, yolemera makilogalamu angapo, ndipo ikatentha imasunga kutenthako. Kapu ya 8 koloko ndi ya 3 koloko masana zimafanana, bola chigayo choperera khofi chikhale chili bwino.

Nthunzi ndiye ndi nkhani ina. Amene anagwiritsapo timakina ta m'nyumba amadziwa kudikira kuja, mkaka ukungolira osatentha. Apa jagi ya makapu awiri imafika madigiri 60 mpaka 65 musanamalize kupereka moni kwa kasitomala. Masabata oyamba tinawononga mkaka wambiri chifukwa mtsikana wanga wa pa kauntala ankachedwa kutseka, mkaka n'kupsa n'kumanunkha ngati wa pamoto. Panopa amangogwira jagi ndi chikhatho, ikayamba kuotcha watseka, ndipo thovu lake ndi losalala kuposa langa.

Kakhalidwe kamodzi ka makinawa muyenera kukadziwa. Boyila ndi imodzi, ndipo madzi ake amatentha kupitirira madigiri 100 kuti apange nthunzi. Madzi a khofi amadutsa m'paipi yodutsa mkati mwa boyilayo, n'kutengako kutentha. Makina akakhala mphindi khumi osagwira ntchito, madzi a m'paipimo amatentha mopitirira, pomwe khofi amafuna madigiri 90 mpaka 96. Kuno tili pamwamba, mamita opitirira 1,000, ndipo madzi amawira asanafike 100, cha pa 96 kapena 97. Ndiye mukayatsa mutu umene wakhalitsa, umalavula ndi kufwenthera, psiii, ngati mphaka wokwiya. Muyenera kutaya madzi kwa masekondi angapo mpaka phokosolo litasiya, kenako n'kumangirira khofi. Mukaiwala, kapu imatuluka yowawa ngati mankhwala a malungo. Makina a maboyila awiri alibe vutoli, koma mtengo wake ndi wina, ndipo zoti ziwonongeke zimachulukanso.

Tsopano za kuthima kwa magetsi. Makinawa amafuna mphindi 30 mpaka 40 kuti atenthe mpaka m'mitu. Magetsi akapita 7 koloko m'mawa n'kubwera 10 koloko, anthu a kuntchito aja adutsa kale, ndipo inu mudikirabe theka la ola. Jenereta imene ndinali nayo, ya furiji ndi mababu, elementi ikangoyaka inkatsokomola n'kuzima. Ndinagula yokulirapo, koma nayo imamwa petulo moti masiku a mizere pa filling station ndimawerengera kawiri ngati kapu khumi za cappuccino zingabweze mafutawo. Nthawi zambiri yankho limakhala ayi, ndipo timaphika khofi pa gasi ndi kampoto ka moka, n'kuwauza makasitomala zoona.

Kuthima sikunandipweteke ngati kubwera kwake. M'mwezi wachisanu chifikireni makinawa, magetsi anabwera mwamphamvu, anazima, n'kubweranso m'kanthawi kochepa. Kabokosi kakang'ono kamene kamayang'anira kuchuluka kwa madzi mu boyila kanapsa. Kabokosi kokwana m'dzanja. M'tauni muno sindinakapeze, ndipo kuitanitsa kunja kumafuna ndalama zakunja, zimene aliyense wochita malonda akudziwa mmene zikuvutira. Chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha inatsika ndi 44 peresenti, kalikonse kogulidwa mu rand kapena euro kamaluma. Tinakhala masabata asanu makina ataphimbidwa ndi chitenje pa kauntala, anthu akufunsa ngati tikugulitsa. Kenako ndinaikitsa chotetezera chimene chimadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri, n'kudikira kaye mphindi zingapo chisanawalowetsenso. Mtengo wake sunafike ndi theka la kabokosi kaja. Chinayenera kukhala pakhoma makina asanatsike pa lole.

Madzi nawo ali ndi nkhani yawo. Makina amtunduwu amalumikizidwa ku paipi, alibe thanki yawoyawo. Mpope ukauma, pampu ikazungulira yopanda madzi imawonongeka msanga. Ndinaika thanki ya malita 200 kuseri, kapampu kakang'ono, ndi masefa awiri, yoyamba yogwira matope, yachiwiri yochotsa fungo la klorini ndi kufewetsa madzi. M'dzinja sefa yoyambayo, imene imakhala yoyera ngati ufa woyera ikamalowa, inkatuluka pakatha milungu itatu itafiira ngati thobwa la mawere.

Cholakwa chachikulu chinali changa. Mu Okutobala, kukutentha, mipope itauma masiku angapo, ndinalola kuti thanki tidzaze ndi madzi a pa mjigo. Tinatero kwa milungu ingapo, sefa yofewetsa itatha kale mphamvu ine osadziwa. Pofika Januwale mutu wa kumanzere unayamba kutulutsa madzi mwaulesi. Ndinapeza bambo wina wa ku Limbe amene amakonza zipangizo za m'makhitchini a mahotela. Anamasula nati yaikulu ya pamwamba pa mutu, n'kusolola chitsulo chooneka ngati bowa. Chonse chinali chitakutidwa ndi zoyera zija zimamata pansi pa ketulo, zikusweka ngati makoko a dzira. Anandionetsa kabowo kamene madzi amadutsa, kosakwana ndi milimita imodzi, katatsala pang'ono kutsekeka. "Mayi, makina awa mukuwamwetsa miyala," anatero, uku akunyika zitsulozo m'madzi a asidi wa ndimu. Anagwira tsiku lonse. Chimene ndinathokoza n'chakuti mutu wa E61 ankaudziwa, anaumasulapo kambirimbiri, ndipo timalabala take ndi tofanana pa makina a makampani ambiri. Akanakhala makina amakono odzaza ndi makompyuta, sindikudziwa kuti ndikanalowera kuti. Ichi chokha ndicho ndinasankha bwino, ngakhale ndinasankha mwangozi.

Zosamalira za tsiku ndi tsiku sizovuta. Madzulo aliwonse timatsuka mitu ndi kabasiketi kopanda mabowo ndi burashi, kamodzi pa sabata ndi sopo wake wa ufa. Labala ya m'mutu ndasintha kawiri. Imauma, n'kuyamba kudontha m'mbali, ndipo mumaona chogwirira chikupitirira pakati pomanga.

Chigayo ndinachiona mopepuka pogula, ndipo ndinalakwa. Ndalama zonse zinathera pa makina, ndiye ndinatenga chigayo chotchipa chimene mano ake anali atatha. Khofi yemweyo, lero akuthamanga masekondi 15, mawa akukana kutuluka. Ndinkanamizira makina. Nditasintha mano, zonse zinakhazikika. Ngakhale pano timachisintha kangapo patsiku, makamaka nyengo ya mvula ndi masiku a chiperoni, pamene chinyezi chimapangitsa khofi kuyenda mochedwa. Khofi ndimagula wa konkuno, Arabica wa ku Thyolo ndi wa kumpoto, ku mapiri a Misuku ndi Viphya. Wokazingidwa dzulo amatuluka ndi thovu lambiri losakhazikika, ndiye ndimamusiya sabata imodzi. Anzathu a kunja amalipira ndalama zambiri kuti khofi ameneyu awapeze. Ife tili naye pakhomo, koma m'nyumba zambiri mukapempha khofi amakutsegulirani kabotolo ka wosungunula.

Funso lenileni ndi lakuti, kodi mitu iwiri inkafunika? Ayi. Ife a kuno ndi anthu a tiyi, tinakulira pafupi ndi minda ya Thyolo ndi Mulanje. Espresso yeniyeni, kakapu kakang'ono kaja, amaitanitsa ndi anthu owerengeka. Bambo wina atalandira yake anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine: "Amayi, mwandipatsa yolawa, nanga yeniyeniyo ikubwera?" Zimene zimayenda ndi cappuccino ndi latte, mu kapu yaikulu, shuga masipuni atatu. Mitu yonse iwiri imagwira limodzi kuyambira cha m'ma 7:30 mpaka 9 koloko, ndi Loweruka m'mawa. Nthawi ina yonse mutu wachiwiri umangotentha pachabe, malita 11 akuwira, mayunitsi akutsika pa mita. Ndinawerengapo kwa sabata imodzi, ndipo makina okha ankadya pafupifupi mayunitsi 10 patsiku, kaya tagulitsa kaya ayi. Poyamba tinkatunganso madzi a tiyi pa kampope ka makina, koma mukatunga matipoti awiri boyila imadzaza madzi ozizira ndipo nthunzi imafooka. Ndinagula ketulo yaikulu yapadera.

Ndikanayambiranso, ndikanatenga a mutu umodzi, a E61 omwewo, okhala ndi thanki yawoyawo komanso otheka kulumikiza ku paipi, a mawati osapitirira 2,000 kuti alowe mu soketi wamba ndi kuyenda pa jenereta yaing'ono. Ndalama yotsalayo ikanapita ku chigayo chabwino, masefa, ndi chotetezera magetsi. Alipo makina ena otenthetsa boyila ndi gasi, ndipo ndikanawaganizira mozama. A mitu iwiri ndi oyenera hotela, malo a misonkhano, kapena pamene pamakhala mzere weniweni wa anthu tsiku lonse. Za kunyumba ndiye musayese n'komwe. Mayi wina wa ku Namiwawa anandifunsa ngati angaike ofanana ndi anga m'khitchini mwake chifukwa amuna awo amakonda khofi. Ndinawafunsa ngati bambowo angadzuke mphindi 40 msanga tsiku lililonse, kutenthetsa malita 11 chifukwa cha makapu awiri. Anaseka, n'kuitanitsa latte ina.

Kugulitsa sindigulitsa. Waya ndinakoka kale, thanki ilipo, bambo wa ku Limbe nambala yawo ndinaisunga pawiri, pa foni ndi pakhoma. Pansi pa kauntala pali chitini cha mabisiketi momwe muli malabala anayi a m'mitu, tisefa tiwiri tachitsulo, kavalavu ka nthunzi ndi kabokosi kena ka madzi a mu boyila. Alamu anga akupita ku Johannesburg mwezi wamawa, ndipo ndawapatsa kale mndandanda. Elementi yapadera ili pamwamba, ndaidula mzere kawiri. Atawerenga anadandaula kuti chikwama chilemera. Ndinawauza kuti mutu wachiwiriwo ndi wawo, ausenze.