RSS pa bizinesi yathu: zomwe ndaona chaka chisanakwane

Pamene ndinkalemba ndemanga yoyamba ya RSS, njira yoti anthu azilandira zatsopano za pa webusaiti popanda kuitsegula, tinali titangoyamba kuitsatsa pa webusaiti ya kampani yathu, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzabweranso nkhani ikakhwima. Mfundo yanga inali yakuti bizinesi yaing'ono imafunika njira yofikira makasitomala yosadalira chifundo cha masamba a mchezo, kumene kompyuta ya eni tsamba ndiyo imasankha kuti uthenga wanu auone ndani. RSS ndi yaulere, ilibe mwini mmodzi, ndipo aliyense amene walembetsa amalandira chilichonse chimene mwatulutsa, motsatana bwino. Zonsezi zikadali zoona. Feed yathu ya RSS ikadalipo ndipo sindikuganiza zoichotsa. Koma ntchito imene ikutigwirira ndi ina, osati ija ya chinamtindi cha makasitomala owerenga imene akatswiri otsatsa malonda akhala akulonjeza kuyambira kalekale.

Kwa inu amene yoyamba ija inakuphonyani: feed ndi fayilo ya XML imene webusaiti imalemba yokha. M'menemo muli mndandanda wa nkhani zatsopano, iliyonse ndi mutu wake, tsiku, linki ndi mawu ake. Munthu amaika adiresi ya fayiloyo mu pulogalamu yowerengera, monga Feedly, Inoreader kapena NetNewsWire, ndipo pulogalamuyo imapita yokha kukaona ngati kwabwera chatsopano. Ife timagulitsa zipangizo zamagetsi kwa amisiri ndi kwa ogulitsa ena, choncho zimene timatulutsa ndi katundu amene wafika, kusintha kwa mitengo ndi malangizo a kalumikizidwe ka zinthu. Si nkhani zoti zingamusowetse munthu tulo.

Kumbali ya kasamalidwe ndilibe zambiri zonena, ndipo chimenecho ndi chiyamikiro. Webusaiti yathu ndi ya WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti imene imapanga feed popanda kuipempha. Mukangowonjezera /feed kumapeto kwa adiresi, mwaipeza. Chiyambireni palibe amene walipira kanthu kapena kuthera tsiku lonse akuikonza, kupatula vuto limodzi limene ndilifotokoza pansipa.

Nkhani yaikulu ndi ya anthu. Kasitomala wamba sanalembetse, ndipo tsopano ndikukhulupirira kuti sadzalembetsa. Tinaika kachizindikiro ka RSS kachikasu kofiirira pamwamba pa tsamba, tinalemba ndime yaifupi yofotokoza ubwino wake, tinakumbutsa anthu m'maimelo. Amene anadina anakumana ndi chinsalu chodzaza ndi zilembo ndi zizindikiro zosamveka, ena mpaka kutiimbira foni kuti webusaiti yawonongeka. Sindingawaimbe mlandu. Kuti munthu alembetse ayenera kudziwa kuti pali mapulogalamu owerengera, asankhe imodzi, aiike pa foni, akopere adiresi, kenako akumbukire kumaitsegula. Pa tsamba la mchezo amangodina kamodzi basi.

Zinthu sizinali chonchi nthawi zonse, ndipo apa mbiri ikuthandiza kumvetsa chifukwa chake lonjezo lija silinakwaniritsidwe. RSS inayamba ku kampani ya Netscape mu 1999, katswiri wa mapulogalamu Dave Winer anatulutsa RSS 2.0 mu 2002, ndipo mtundu wina wa feed wotchedwa Atom unavomerezedwa ndi IETF, bungwe lokhazikitsa miyezo ya intaneti, mu 2005. Chakumapeto kwa chaka chomwecho Microsoft inalengeza kuti itenga kachizindikiro ka feed kamene pulogalamu yotsegulira mawebusaiti ya Firefox inkagwiritsa ntchito, n'kukaika mu Internet Explorer 7 imene inatuluka mu 2006. Outlook 2007 nayo inabwera ndi malo owerengera ma feed pambali pa maimelo. Google Reader, pulogalamu yowerengera ma feed, inali itayamba mu 2005, ndipo mu 2007 Google inagula FeedBurner, kampani imene inkawerengera eni mawebusaiti chiwerengero cha owatsatira. Aliyense amene ankaona zimenezi anali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti posachedwa kasitomala aliyense azilandira malonda kudzera mu feed. Koma m'zaka zomwezo Facebook ndi Twitter zinapatsa anthu njira yotsatirira zinthu yosafuna kuphunzira kalikonse, ndipo makampani aakulu anatembenuka. Google Reader inatsekedwa pa 1 July 2013. Twitter inasiya kupereka ma feed chaka chomwecho. Firefox inachotsa gawo loonetsa ndi kulembetsa ma feed mu December 2018, ndipo n'chifukwa chake makasitomala athu ena amaona zilembo zosamveka zija m'malo mwa tsamba lokonzeka. Njira imene kasitomala wamba akanadutsamo inatsekedwa pang'onopang'ono, ndipo kampani yaing'ono ngati yathu singaitsegulenso ndi kandime ka malangizo.

Amene analembetsa ndi ochepa, koma ndi anthu amtundu wina. Ndimawazindikira ndi mafunso awo. Wogulitsa amene amaoda katundu kwa ife amaimba m'mawa kufunsa za chipangizo chimene tachilengeza usiku wathawu, atadziwa kale nambala yake ndi mphamvu yake. Wogwira ntchito yogula katundu pa kampani ina anandiuza kuti amatsatira ma feed a onse amene amamugulitsa zinthu pamalo amodzi, chifukwa bokosi lake la maimelo linasefukira kalekale. Anthu otere safuna kunyengereredwa. Amafuna kudziwa msanga, ndipo akagula amagula zambiri. Pa masamba a mchezo timapeza anthu ochuluka oyamikira chithunzi, koma funso lawo kawirikawiri ndi lakuti zingati, pamene mtengo walembedwa pomwepo.

Chimene chimandivutabe ndi kuyeza. Wotsatsa malonda amafuna kudziwa kuti ndani waona, watsegula liti, wadina pati. RSS sipereka zimenezo. Palibe mndandanda wa mayina, palibe adiresi ya munthu, ndipo wina akatopa nanu amangochotsa feed inu osadziwa. Kwa wowerenga umenewu ndi ufulu, ndipo mwina n'chifukwa chake amalembetsa mosaopa. Kwa ine amene ndimafunsidwa pa msonkhano kuti chinthuchi chabweretsa chiyani, ndi mutu wopweteka. Njira zimene ndapeza ndi ziwiri, zonse zoperewera. Mapulogalamu ena aakulu, monga Feedly ndi Inoreader, akamabwera kudzatenga feed amasiya mu zolembera za seva chiwerengero cha anthu awo amene akutsatira. Kuphatikiza ziwerengerozo kumapereka chithunzi, ngakhale amene amawerenga ndi pulogalamu ya pa kompyuta yawo saonekamo bwino. Njira ina ndi kumata timawu ta UTM pa ma linki a mu feed kuti pulogalamu yowerengera alendo izindikire kumene achokera. Koma zimenezi zimangoonetsa amene wadina. Amene wawerenga mtengo watsopano mu pulogalamu yake n'kuimba foni, ameneyo sapezeka paliponse.

Apa pakubweranso mkangano wakale woti mu feed muziikamo nkhani yonse kapena chidule chokha. Wofuna ziwerengero amasankha chidule kuti munthu akakamizike kubwera pa webusaiti. Ife tinayesa zonse ziwiri ndipo takhazikika pa nkhani yonse. Wogulitsa amene ali pamalo ovuta netiweki amafuna malangizo a kalumikizidwe akhale kale mu foni yake, osati kudikira tsamba lodzaza ndi zithunzi kuti litseguke. Ife sitipeza ndalama munthu akaona tsamba, timapeza akagula. Kampani ya nkhani imene imadalira zotsatsa za pa tsamba ingaganize mwina, ndipo ndingaimvetse. Choipa cha nkhani yonse n'chakuti akuba zolemba amapeza zophweka. Malangizo athu ena ndinawapeza pa mawebusaiti achilendo atakopedwa liwu ndi liwu. Tinangowonjezera mzere kumapeto kwa nkhani iliyonse wotchula dzina la kampani ndi linki yobwerera kwa ife, kuti akamaba azitinyamulanso dzina.

Phindu lenileni labwera kumene sindinalembeko zambiri poyamba: makina owerenga feed m'malo mwa anthu. Kalata yathu ya pa imelo tsopano imadzilemba yokha. Makampani otumiza maimelo, monga Mailchimp, ali ndi njira yoti mumawapatsa adiresi ya feed ndi tsiku lotumizira, ndipo iwo amasonkhanitsa zatsopano n'kutumiza kwa onse olembetsa. Kukakhala kulibe chatsopano, kalata sipita. Kale ntchito imeneyi inkadya theka la tsiku la munthu, kukopera, kumata, kukonza zithunzi, ndipo masabata otanganidwa kalata inkangolumphidwa. Chimodzimodzi masamba a mchezo: mapulogalamu olumikiza ntchito, monga Zapier ndi IFTTT, amatenga nkhani mu feed n'kukaiika kumeneko. Ogulitsa ena amaonetsa katundu wathu watsopano pa mawebusaiti awo kuchokera mu feed yomweyo. Ngakhale Google Search Console imalandira feed ngati mndandanda wa masamba oti iwayendere. Timalemba kamodzi, uthenga n'kutulukira m'malo angapo. RSS yakhala ngati paipi yokwiriridwa pansi: womwa madzi amaona mpopi, paipiyo saiganizira n'komwe.

Mukaona bwino, umu ndi mmene RSS inafikira anthu ambiri padziko lonse, mosatchulidwa dzina. Podcast iliyonse yachizolowezi ndi feed ya RSS yokhala ndi linki ya fayilo ya mawu. Apple itaika ma podcast mu iTunes mu June 2005 inamanga pa maziko amenewa, ndipo mpaka pano kampani yofuna kuti pulogalamu yake ya mawu imveke m'mapulogalamu osiyanasiyana imapereka adiresi ya feed. Womvera amadina batani lotsatira, osadziwa kuti walembetsa RSS. Choncho wina akandifunsa ngati anthu wamba anailandira, ndimati inde, koma pokhapo pamene wina anaibisa kuseri kwa batani.

Vuto limodzi ndinalitchula poyamba lija ndi ili, ndipo amene mukufuna kulumikiza feed ndi imelo mulimvetse bwino. Nkhani iliyonse mu feed ili ndi chizindikiro chakechake chotchedwa guid. Pulogalamu yowerengera imayang'ana chimenechi kuti idziwe ngati nkhaniyo inaiona kale. Webusaiti yathu itasamutsidwira ku seva ina, ma adiresi onse anasinthidwa nthawi imodzi, ma guid omwe. Kwa owerenga ena nkhani zakale zinaonekanso ngati zatsopano, kuphatikizapo chilengezo cha kuchotsera mitengo chimene nthawi yake inali itatha. Mafoni analira, ndipo kufotokozera kasitomala kuti mtengo umene wauona lero ndi wa miyezi yapitayo si ntchito yosangalatsa. Feed ilibe batani lobwezera. Chimene pulogalamu ya munthu yatenga, yatenga, ngakhale mutachifufuta kwanu. Chiyambire pamenepo chilengezo chilichonse cha mtengo chimakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera m'mawu ake enieni, ndipo aliyense wokhudza webusaiti amauzidwa kuti ma guid asawagwire. Kalata ya imelo nayo timaiimitsa kaye pakakhala ntchito yaikulu pa seva.

Palinso phunziro la FeedBurner limene si langa ndekha. Ambiri anapatsa owerenga awo adiresi ya FeedBurner m'malo mwa yawo, ndipo mu 2021 Google itasiya kutumiza maimelo kudzera m'menemo anayenera kusamuka mothamanga. Adiresi ya feed ikhale pa dzina la webusaiti yanu. Ntchito ina iliyonse ikhale yotenga kuchokera pamenepo, kuti ikatsekedwa musinthe iyo yokha.

Chinthu chimene sindinachiyembekezere n'chakuti ineyo ndasanduka wowerenga wamkulu kuposa makasitomala anga. M'mawa ndimatsegula pulogalamu imodzi n'kuona zimene opanga zipangizo alengeza, zimene opikisana nafe atulutsa, ndi nkhani za m'magazini a ntchito yathu. Tchanelo chilichonse cha YouTube chili ndi feed yake, choncho mavidiyo a opanga katundu amabweranso momwemo popanda kukokedwa ndi ena osafunika. Mndandanda wonsewu umasungika mu fayilo ya OPML, imene ndinapatsa mnzanga wa kumalonda n'kuilowetsa mu pulogalamu ina yosiyana ndi yanga popanda chovuta. Kunena zoona, kampani itati isiye kutulutsa feed yake mawa, mbali iyi yokha sindingaisiye.

Ndiye ndani ayese? Ngati mumagulitsa kwa mabizinesi anzanu, kwa amisiri, kwa atolankhani kapena kwa anthu a zaukadaulo, ndipo mumatulutsa zinthu pafupipafupi, onetsetsani kuti feed ikugwira ntchito, muike linki yake pamalo ooneka, muilumikize ndi imelo. Ngati malonda anu amadalira chithunzi chokopa ndi munthu wongodutsa, musataye nthawi kuphunzitsa makasitomala RSS. Isiyeni igwire ntchito kuseri, anthuwo muziwapeza kumene ali kale. Ndipo ngati webusaiti yanu imatha miyezi itatu osalembedwapo kanthu, feed singakuthandizeni, chifukwa imangonyamula zimene mwalemba.

Chimene tikukonza panopa ndi kugawa feed. Ogulitsa adandaula kuti malangizo aatali a amisiri amakwirira zilengezo za katundu, pamene amisiri alibe nazo ntchito za mitengo ya ooda. WordPress imapereka kale feed ya gulu lililonse la nkhani, choncho ntchito yatsala ndi kusanja nkhani zakale m'magulu oyenera ndi kupanga makalata awiri a imelo m'malo mwa imodzi. Feed yaikulu ikhalabe pa adiresi yake yakale kuti amene analembetsa kale asasokonezeke.