Kaulendo kophunzira kujambula ku London: ndalipira kawiri, koyamba ndinakondwa, kachiwiri ndinadandaula

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti zithunzi za mbalame zomwe ndimaika pa WhatsApp zija ndinaphunzira kuti kujambula kwake, ena mpaka kumaganiza kuti ndinagula chikamera chodula, ayi ndithu ndi foni yomweyi. Chomwe ndinachita ndinalipira kaulendo kena ku London komwe munthu wodziwa kujambula amakutengani kagulu, mukuyenda wapansi maola atatu akukuonetsani ziboliboli zoseketsa za mumzindamo, kenako n'kukathera ku paki kojambula mbalame ndi agologolo. Ndapitako kawiri, koyamba mu Epulo 2022 ndili ndekha, kachiwiri mu Juni 2023 ndi amalume omwe anabwera kudzationa. Kampaniyo sindiitchula dzina poti pali pena pomwe ndidandaulepo. Mtengo wake kwa ine unali ngati malipiro a theka la shifiti, ndiye si zoti ungamapite wikendi iliyonse.

Ulendo woyambawo tinalipo anthu 7, gaidi wathu anali mayi wina wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, atavala jekete ya matumba ambirimbiri. Tinakumana pa Leicester Square pomwe pali chiboliboli cha Mr Bean atakhala pa benchi, anachiika mu 2020, ndipo aliyense amangofikira kukhala pambali pake n'kudzijambula. Mayiwo anatilola tichite zomwezo kaye kenako anati aliyense apukute lenzi ya foni yake ndi nsonga ya malaya. Basi phunziro loyamba linali limenelo, ndipo ndikukuuzani zithunzi zinasinthiratu pompo, utsiutsi womwe ndinkaona ngati foni yakalamba uja anali mafuta a zala.

Kuchoka apo tinalowa timisewu ta ku Soho kukasaka mphuno. Eee mphuno, ya munthu, yomatidwa pa khoma payokhayokha popanda nkhope. Munthu wina waluso dzina lake Rick Buckley anaumba mphuno zofanana ndi yake n'kumazimata pa makoma a nyumba mu 1997 posakondwa ndi makamera a CCTV omwe ankangochuluka m'misewu, sanauze munthu, anadzaulula mu 2011 anthu atapeka kale nthano zawozawo za mphunozo. Zambiri zinachotsedwa koma zina zikadalipo. Tinaimirira pansi pa imodzi kwa kanthawi osaiona poti anaipaka utoto wofanana ndi khoma, mayi aja angoti duu osatilozera, mpaka mtsikana wina anakuwa kuti ndi iyo, tonse kuseka. Apa ndi pomwe anatiphunzitsa za mthunzi, akuti ukaima kutsogolo kwenikweni mphunoyo imasowa m'chithunzi, uime chammbali pomwe kuwala kukuimenya mbali imodzi kuti mthunzi wake uitulutse.

Koma pachimake panali pa Trafalgar Square. Pabwalo limeneli pali nsanja zinayi za miyala m'makona, zitatu pali ziboliboli za mfumu ndi akuluakulu a nkhondo, yachinayi anaimanga mu 1841 kuti aikepo mfumu William IV ili pa hatchi koma ndalama zinatha, nsanjayo n'kukhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira mu 1999 anayamba kumaikapo ntchito za aluso a masiku ano mosinthanasinthana, amaitchula kuti Fourth Plinth. Tsiku limenelo panali chinthu chomwe sindidzaiwala, chimulu cha kirimu choyera ngati cha pa keke, chotalika kuposa mamita 9, pamwamba pali chipatso chofiira, mbali ina yatera ntchentche yaikulu kuposa munthu, mbali inayi kwatera drone yomwe inali ndi kamera yeniyeni yojambula anthu pabwalopo. Dzina lake The End, anapanga ndi Heather Phillipson, chinakhalapo kuyambira Julayi 2020. Ndinaseka kaye, kenako nditayang'anitsitsa kirimuyo atapendekeka ngati akuti agwe, ntchentche ili pompo, mumtima munachita kuti myuu, ndinakumbuka miyezi ya mliri ija tikugwira ntchito usiku ndi mantha pamene mzinda wonse uli zii. Chinthu choseketsa koma chokusiya ukuganiza, ine ndinachikonda kwambiri.

Mayi aja anali ndi tabuleti momwe anasungamo zithunzi zawo za zomwe zinakhalapo kale pa nsanjayo. Anationetsa tambala wa buluu wa Katharina Fritsch wa mu 2013, wotalika pafupifupi mamita 5, ataima monyada pakati pa amuna a nkhondo aja, ine monga Mmalawi ndinaseka pawiri poti tambala kwathu timamudziwa kuti ndi wakuda ndipo buluu ndi wa chipani china. Anationetsanso chala chamanthu cha David Shrigley cha mu 2016, dzanja la buronzi lokunga chibakera koma chala chija chitatalika mpaka chonsecho kufika mamita 7, dzina lake Really Good. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti chithunzi chilichonse anachijambula ataima malo osiyana. Anati chiboliboli sichisuntha ndiye usunthe ndiwe, uchizungulire chonse foni ili m'thumba, uone pomwe kumbuyo kwake kulibe zosokoneza, kenako unjute kapena ukwere masitepe a ku National Gallery, nyumba yoonetseramo zojambula yomwe ili pabwalo pomwepo. Ine ndinanjuta pansi penipeni mpaka bondo kukhudza miyala yonyowa, ntchentche ija inatulukira pa mtambo poyera, nkhunda ina n'kudutsa pomwepo. Chithunzi chimenecho ndinakachapitsa chili pa khoma kunyumba.

Za nkhunda, paja kale pabwaloli zinkadzaza ngati msika, anadzaletsa kuzidyetsa mu 2003 ndiye zilipo koma zochepa.

Kenako tinatsika ndi msewu wa The Mall kulowa mu St James's Park, mtunda wosakwana mphindi 10. Apa ndiye panali mtima wanga poti ine ndinakulira kufupi ndi dambo ndipo mbalame ndimazikonda kuyambira ndili mwana. Pakati pa pakiyo pali kanyanja, pali abakha a mitundumitundu, atsekwe omwe ena ndi a mtundu womwewu timauona m'mbali mwa Shire, akakowa otuwa, tizinkhwe tobiriwira taphokoso, agologolo otuwa osaopa munthu omwe makolo awo anachokera ku America, ndiye palinso avuwo, mbalame zazikulu zoyera za mlomo wautali wokhala ndi thumba kunsi. Avuwo pakati pa London abale. Akhala akusungidwa m'pakimo kuyambira mu 1664 pomwe kazembe wa ku Russia anapereka oyamba kwa mfumu Charles II ngati mphatso, ndipo masana aliwonse chamma hafu pasiti 2 ogwira ntchito amawaponyera nsomba kufupi ndi kanyumba ka Duck Island Cottage. Mayi aja anakonza nthawi mwadala kuti tifike nsomba zisanabwere tipeze malo abwino, ndipo ichi ndi chomwe ndinaona kuti ndalama yanga yagwira ntchito, ndekha sindikadadziwa.

Apa malamulo anatembenuka. Anati mbalame imasuntha ndiye iweyo ukhale phee. Tinakhala pansi m'mbali mwa mpanda, anati foni itsike ifanane ndi diso la mbalame osati kuijambula uli chilili ngati ukujambula nsapato zako. Vuwo ndi woyera ndiye padzuwa foni imamuwalitsa mpaka nthenga osaoneka, amangokhala chibanga choyera, mayiwo anandigwira dzanja n'kundionetsa kuti ndidine pa sikirini pomwe pali mbalameyo kenako nditsitse pansi pang'ono kachizindikiro ka dzuwa komwe kamatulukira pa sikirinipo, nthawi yomweyo nthenga zinaoneka imodziimodzi mpaka kufiirira kwake kwa pakhosi. Anatiletsanso kukoka zumu ndi zala mopyola, akuti bola kujambula patali n'kudzadula pambuyo kapena kudikira mbalameyo ibwere yokha. A makamera aakulu anawauza kuti mbalame youluka imafuna liwiro la shata (nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala) la 1/1000 ya sekondi kapena kufulumira kuposa apo, ife a mafoni anationetsa mojambulira zambiri motsatizana kuti tidzasankhepo chimodzi. Ndinadikira mwina mphindi 15 miyendo itachita dzanzi, vuwo wina anabwera mpaka pafupi, anayasamula chimlomo chija thumba lapansi n'kutambasuka ngati nsalu yonyowa kuwala kukudutsamo, timitsempha tofiira kuoneka tonse. Ndinajambula 20 motsatizana, chabwino chinali chimodzi, ndipo chimenecho chinandikwanira.

Mayiwo analinso okhwima pa nkhani yodyetsa nyama. Mnyamata wina anatulutsa mtedza kuti gologolo akwere pa mkono, anamuletsa mwaulemu kuti oyang'anira pakiyo amapempha anthu asamadyetse nyama ndipo gologolo amaluma. Ndinawalemekeza pamenepo.

Ndiye amalume atabwera mu 2023 ndinati ndiwatengere komweko, makamaka poti pa nsanja ija tsopano panali chathu. Kuyambira Seputembala 2022 mpaka 2024 panali Antelope ya Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu yemwe amaphunzitsa ku Oxford. Anatengera chithunzi cha mu 1914 chomwe John Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe, ku Chiradzulu, onse awiri atavala zipewa, nthawi yomwe munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukulitsa Chilembwe pafupifupi kuwirikiza kawiri, Chorley n'kukhala wa msinkhu wamba. Ichi si choseketsa ngati kirimu uja koma nthabwala yake ilimo, yofatsa, uli m'munsi umaona wamkulu ndani.

Apa ndi pomwe kampaniyo inandikhumudwitsa. Anatipatsa gaidi wina, mnyamata, ndipo gulu linali la anthu 16 pomwe pobukitsa analemba kuti kagulu kochepa. M'misewu ya ku Soho ife a kumbuyo sitinkamva chilichonse. Iyeyo maso ake anali pa anthu atatu omwe anali ndi makamera a malenzi ataliatali, nkhani yonse inali ya zida, ife a mafoni anangotiuza kuti nanunso yesani. Titafika pa Trafalgar Square anangoti awa ndi amishonale awiri a ku Africa n'kuyamba kufotokoza za ziboliboli za mikango zomwe zili pansi pa chipilala cha Nelson pabwalopo. Za chipewa sanatchule n'komwe, chonsecho chikwangwani chofotokoza chinali pomwepo. Zinandiwawa ndithu, munthu ukulandira ndalama yoonetsa anthu chiboliboli uyenera kudziwa chomwe chikunena, ngakhale chikadakhala cha dziko lina ndikadadandaula chimodzimodzi.

Amalume kwawo ndi ku Chiradzulu ndipo sayenda opanda chipewa. Atafika m'munsi mwa nsanjayo anakweza maso, anakhala chete kanthawi, kenako mwachizolowezi anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Ndinati, "Amalume, taonani bwino, iwowo sanavuletu." Anayang'ananso kumwamba, anaseka chapansipansi n'kunena kuti, "Wanena zoona mphwanga," anachibwezera kumutu n'kuchikonza bwinobwino ndi manja onse awiri. Mayi wina wa m'gulumo anatifunsa chomwe chimachitika, amalume anamufotokozera za 1915, za 15 Januwale, anatulutsa K2000 m'chikwama kumuonetsa nkhope yomweyo, anthu asanu anatiunjirira kumvetsera gaidi ali uko ndi mikango yake. Ndinanjuta monga anandiphunzitsira mayi aja kuti chipewa cha amalume ndi cha Chilembwe zikhale mumzere umodzi.

Ku paki tinafika mochedwa nsomba atadya kale, avuwo atakagona pa miyala pakati pa madzi kutali, pafoni ankangooneka ngati timadontho. Anatipatsa mphindi 20 zokha. Gulu litabalalika ine ndi amalume tinatsalira tokha mpaka dzuwa kupendeka, ndinawaonetsa za kadzuwa ka pa sikirini kaja ndipo anajambula tsekwe ndi ana ake pa udzu, chithunzi chabwino zedi kwa munthu woyamba. Ndinalembera kampaniyo za kuchuluka kwa gulu ndi za Chilembwe, anandiyankha mwaulemu kupepesa koma sananene choti achitapo.

Ndiye wondifunsa ngati apite, ndimati pita kamodzi ngati sunaphunzirepo kujambula, koma usanalipire uwafunse zinthu zitatu, gulu likhala la anthu angati, gaidi amaphunzitsanso a mafoni kapena ayi, ndipo ku paki mufika nthawi yanji, akakuuza kuti 3 koloko itadutsa usavomere. Utenge pawabanki poti kujambula motsatizana kumamaliza batire, nsapato zikhale zoyendera, ndi kanthu koyala pansi chifukwa udzu wa kumeneko umakhala wonyowa ngakhale kunja kuli dzuwa. Ziboliboli zonsezi ndi pakiyo kulowa kwake ndi ulere, ukadziwa njira ukhoza kumabwerera wekha, ine ndimapitako ndikapeza ofu ya pakati pa sabata anthu ali ochepa. Chithunzi cha zipewa ziwiri chija amalume anapita nacho kumudzi, azakhali akuti anachipachika pabalaza pafupi ndi kalendala.