Kutumiza ndalama ya sukulu ku Chipata, njira zomwe zikundithandiza kuti mwana asamajombe

Anzanga a ku Eastern Province ya ku Zambia muli kuno ku Johannesburg, Pretoria ndi kwina, tiyeni tikambeko za kutumiza ndalama kumudzi, koma ine ndikuyang'ana chimodzi basi, mwana apezeke mkalasi tsiku lililonse. Maphunziro aulere atayamba mu Januware 2022 mitima inakhala pansi, mafizi, ya PTA ndi ya mayeso zinachotsedwa mpaka giredi 12 m'masukulu aboma, zabwino ndithu, koma yunifomu, nsapato, makope, sopo, mapadi a mtsikana zonse zikadali pamutu pathu, ndipo mwana akasowa zimenezi amangokhala pakhomo chifukwa cha manyazi, sauza munthu.

Ine ndimagwiritsa Mukuru kwambiri. Oda umapanga pa WhatsApp, kukalipira pa tilu ku Shoprite kapena Pick n Pay, ndalama nkulowa mu Airtel Money kapena MTN ya wolandira, apo ayi akatenge pa buthi atanyamula chitupa cha unzika cha NRC. Ngati abale ali mtauni buthi ilibe vuto. Koma amayi anga ali kumudzi cha ku Chadiza, kuti akwere galimoto kupita ndi kubwera ndiye kuti ndalama ya makope yathera panjira, nde ndimaponya mufoni basi, ejenti ali pafupi, kungoti nthawi zina maejenti akumudzi amakhala alibe kashi yokwanira, muziwauza atape pang'onopang'ono. WorldRemit ndiyabwino kwa amene muli ndi khadi ya banki, zonse pafoni osaima pamzere. Western Union imafika bwino koma imafuna wolandira wokhala pafupi ndi tauni. Musamangoona chaji yotumizira, onani makwacha omwe afike mmanja, reti imasiyana, ndipo muonjezepo kakutapira kuti agogo asadule pa ndalama ya mwana.

Za maphaselo ndilankhule mosabisa, zinthu za sukulu musatumize pa katundu. Ndinapatsa transipota wina nsapato ndi chikwama cha mwana wa mchemwali wanga mu Disembala, akuti zifika sukulu isanatsegule, katundu anakakhala ku Lusaka podikira wina womukweza pa Great East Road, zinafika temu ili pakati mwana atajomba kale masabata, mtima unandipweteka kwambiri. Mabulangete, mapoto, zimenezo tumizani, sizithamangira. Nsapato akagule pa msika wa Kapata ku Chipata, mwana ayese yekha.

Chachikulu ndi nthawi. Temu yoyamba imagwera mu Januware, mvula ili mkati, nkhokwe zapepuka, ndi pomwe ana amatengedwa kukapalira, kukachita ganyu kuti pakhomo papezeke ufa, anyamata kubusa ng'ombe. Mukadikira malipiro a kumapeto kwa mwezi mwachedwa kale. Tumizani sabata imodzi sukulu isanatsegule, kenako kena kochepa mu Febuluwale ka ufa, chifukwa mwana wanjala sayenda makilomita kupita kusukulu, tinazionera pa chilala cha 2024. Ndipo tumizani kwa munthu amene akugona ndi mwanayo nyumba imodzi, osati kudutsira kwa amalume a mtauni.

China chomwe ambiri sitichita, tengani nambala ya aphunzitsi a kalasi. Iwo amachonga rejisitala tsiku ndi tsiku, mwana akasowa kwambiri ahedi amaitana kholo, nkhani imatha kufika kwa aphunzitsi a gaidensi ngakhale kwa amfumu, koma kholo lili kuno ndani aliuze ngati sitinasiye nambala? Lamulo la maphunziro la 2011 limaika udindo pa kholo kuti mwana azipita kusukulu, kukhala kunja sikutichotsera udindowo. Mtsikana akatenga mimba musasiye kutumiza, kuyambira 1997 pali ndondomeko yoti akabereka abwerere kusukulu, sukulu ikavuta abale apite ku ofesi ya DEBS, mkulu wa zamaphunziro wa m'disitilikiti. Amene ana anu ali ku boding'i, komwe kumalipiridwabe, uzani abale akafunse za basale ya CDF, thumba la chitukuko cha konsitichuwense, ku komiti ya wadi mwachangu mafomu asanatsekedwe.